Mfuti zakale za sipiling'i: mafunso ndi mayankho kwa ofuna kuzikonza, kuzisunga ndi kuwombera nazo

Mafunso ali m'munsimuwa ndi amene anthu ongoyamba kumene kukonda mfuti za mpweya zakale amafunsa kawirikawiri. Ena apeza mfuti ya agogo awo itatsamira kuseri kwa kabati, ena aiona ikugulitsidwa ku Birmingham kapena ku Johannesburg mtima n'kudyokoka. Ndayankha monga mmene ndimazionera, ndipo pena muona kuti sindikugwirizana ndi zimene ogulitsa amanena.

Kodi mfuti imeneyi imawomba bwanji poti mulibe onga?

M'kati mwake muli silinda, ndipo mu silindamo muli pisitoni yokhala ndi washala kutsogolo ndi sipiling'i yaikulu kumbuyo. Mukathyola mpope kapena kukoka chitsulo chotcherera, mumakankhira pisitoni m'mbuyo mpaka thiriga itaikola, sipiling'i itapanikizika. Mukakhethemula, pisitoni imathamangira kutsogolo, n'kupanikiza mpweya umene unali mu silinda, ndipo mpweyawo umadutsa pa kabowo kakang'ono n'kukakankha chipolopolo chamtovu. Palibe botolo la mpweya, palibe pampu. Mpweya umapanikizidwa nthawi yomweyo yowombayo.

Pali mitundu itatu imene mungakumane nayo. Yofala kwambiri ndi yothyola mpope. Ina mpope wake susuntha, chotcherera chili pansi pa mpopewo. Yachitatu chotcherera chili m'mbali. Chofunika kusunga m'mutu n'chakuti pisitoni imayamba kuyenda chipolopolo chikadali phee pamalo pake, choncho mfuti yonse imagwedezeka chipolopolo chisanatuluke. Mafunso ambiri am'munsimu gwero lake n'lomweli.

Ndi mfuti ziti zimene anthu amazitcha zakale zapamwamba?

Nkhani yake imayambira ku Birmingham, ku England. Mu 1905 kampani ya BSA inayamba kupanga mfuti imene anailinganiza Lincoln Jeffries, ya chotcherera cha pansi, ndipo imeneyo ndiyo inachititsa kuti anthu aleke kuona mfuti ya mpweya ngati chidole cha ana. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, BSA inatulutsa Airsporter mu 1948, mfuti imene chotcherera chake chinabisika m'thabwa logwirira mfuti moti ukaiona patali umayesa yosakira nyama zikuluzikulu. Kwa ine palibe ina yoiposa kukongola. Mu 1959 kunabwera Meteor, yopepuka ndi yotchipa, imene anyamata ambiri anaphunzirira kuwomba. Mumzinda womwewo munali Webley, imene Mark 3 yake inapangidwa kuyambira 1947 mpaka 1975. Ukaigwira Mark 3 umamva kuti chitsulo chake anachisema mosathamanga.

Ku Germany kuli mayina atatu. Weihrauch, ya ku Mellrichstadt, inatulutsa HW35 m'zaka za m'ma 1950 pamodzi ndi thiriga yotchedwa Rekord, imene mpaka lero ndi muyezo umene mathiriga ena amayezedwerapo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 inabweretsa HW80, kenako HW77 mu 1983, ndipo ziwirizi ndi zimene zinavutitsa makampani a ku England pa msika wawo womwe. Diana, imene inayamba mu 1890 ku Rastatt, inatchuka ndi Model 27 ndi Model 35, komanso ndi mfuti za mpikisano zokhala ndi mapisitoni awiri oyenda motsutsana kuti mfuti isagwedezeke. Feinwerkbau, ya ku Oberndorf, inathetsa vuto lomwelo mwa njira ina: pa 300S zitsulo zonse zam'mwamba zimatsetsereka pang'ono chambuyo pa tinjanji, thabwa lili chikhalire. Mfuti yawo yothyola yotchedwa Sport, ya m'zaka za m'ma 1970, anthu amaifunabe kwambiri.

Ena amaikamo TX200 ya Air Arms, imene inatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Si yakale kwenikweni, koma ndi mdzukulu weniweni wa HW77, ndipo sindingakangane ndi munthu woiika pa gululi.

Yanga inalembedwa Gecado, ya mnzanga Original, koma n'zofanana ndendende. Kodi ina ndi yachinyengo?

Ayi, zonse ndi za Diana ya ku Germany. Nkhondo yachiwiri itatha, makina a fakitale ya ku Rastatt anatengedwa n'kupita ku Scotland, ku kampani ya Milbro, imene inayamba kupanga mfuti zake pa dzina la Diana. Ajeremani atayambiranso ntchito sanathe kugulitsa ndi dzina lawolawo m'maiko ena, choncho ku Britain anazilemba Original, ku South Africa ndi kwina zinadziwika kwambiri kuti Gecado, ndipo ku America anthu ankazidziwa kuti RWS. Chenjerani mbali inayo: mfuti yolembedwa Diana koma yopangidwa ku Scotland ndi ya Milbro, ndipo zipangizo zake sizilowana ndi za ku Germany. Ma Diana ambiri a ku Germany anawadinda mwezi ndi chaka m'timanambala ting'onoting'ono m'mbali mwa silinda chakumbuyo, choncho msinkhu wake suvuta kuudziwa.

Ndikamagula yogwiritsidwapo kale ntchito, ndiyang'ane chiyani?

Musayambe ndi thabwa, pakuti kumeneko ndi kumene wogulitsa amafuna maso anu apite. Yambani ndi masikuluwu. Mitu yake ikakhala yophwanyika, dziwani kuti wina anaitsegulapo ndi zida zosayenera, ndipo zimene anachita m'katimo simungazione. Suzumirani mu mpope mutaulozetsa kowala, mutatsimikiza kuti mulibe chipolopolo: mizere yam'kati ioneke bwino, pasakhale mabowo a dzimbiri. Onaninso kukamwa kwa mpope. Pakakhala potiwizika pamenepo, mfutiyo imamwaza ngakhale zina zonse zili bwino.

Pa yothyola, tsekani mpope n'kuugwedezera uku ndi uku. Usamalendewere. Tcherani pang'onopang'ono mukumvetsera: kukhwekhwereza kumatanthauza kuuma kapena sipiling'i yothyoka, ndipo kufewa kopitirira ndi chizindikiro cha sipiling'i yotopa. Izi siziyenera kukuthawitsani, chifukwa sipiling'i ndi washala n'zotchipa. Zothawitsa ndi mng'alu pa thabwa pamene dzanja limagwira kuseri kwa thiriga, mpope wopindikira m'mwamba, ndi thiriga imene wina anaipala ndi tupa. Zomalizazi n'zoopsa: thiriga yopalidwa imatha kumasuka yokha.

Pa Airsporter ndi Webley Mark 3 chipolopolo chimalowera pa kachitsulo kozungulira kokhala ngati kampopi. Kachitsuloka anakapanga kogwirizana ndi mfuti yake yokhayo, ndipo kakatha kapena kakasinthidwa ndi ka mfuti ina, mpweya umatayika, kulunjika n'kusokonekera. Funsaninso ngati zolozetsera zake zoyambirira zilipo, chifukwa anthu ambiri ankazichotsa poika sikopu (cholozetsera cha magalasi oonera patali) n'kuzitaya, ndipo lero kupeza zina kumadula modabwitsa.

Woyamba kumene ayambe ndi iti?

Meteor, Diana 27, kapena HW35 ngati mkono uli ndi mphamvu, pakuti ndi yolemera. Zonsezi n'zosavuta kumasula, zipangizo zake zimapezekabe, ndipo sizimenya kwambiri. Musayambe ndi ya mapisitoni awiri ija: kuitsegula kumafuna mmisiri woidziwa.

Ndi mfuti ina ndimalasa bwino, koma ndi iyi zipolopolo zikungomwazikana. Vuto n'chiyani?

Nthawi zambiri vuto ndi kagwiridwe. Kumbukirani kuti chipolopolo chimakhala chikadali mu mpope pamene mfuti ikudumphira m'mbuyo kenako kutsogolo. Mukaigwira mwamphamvu kuti isagwedezeke, simungathe kuigwira ndi mphamvu yofanana ulendo uliwonse, ndiye ulendo uliwonse imadumpha mosiyana. Njira yake ndi kuilola idumphe mmene ikufunira. Ikhazikeni pa chikhatho chotambasula, zala zisaifinye. Thabwa lingokhudza phewa, tsaya lingogunda pang'ono, ndipo dzanja lakutsogolo likhale pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Ena amamata kachidutswa ka tepi pansi pa thabwa kuti asamaiwale malowo, ndipo nzeru imeneyo ndi yabwino.

Musaitsamize pa chinthu cholimba ngati njerwa, tebulo kapena nthambi. Ngati mukufuna chotsamira, ikani dzanja lanu pa thumba la mchenga, mfuti ikhale pa dzanjalo. Mukakhethemula musadzutse mutu msanga kuti muone pamene chalasa. Khalani chilozetsere mpaka mutamva chipolopolo chitagunda. Anthu ambiri amataya chipolopolo pa kamphindi kameneka.

Kagwiridwe kakakhala bwino koma ikumwazabe, onani masikuluwu atatu kapena anayi ogwirizitsa zitsulo ku thabwa, chifukwa kugwedezeka kuja kumawamasula pang'onopang'ono. Kenako onani washala wamng'ono wapakati pa mpope ndi silinda. Pomaliza sinthani mtundu wa zipolopolo. Ndimakonda mfuti izi pa chifukwa chomwechi: zimaulula cholakwa chilichonse cha wowomba, ndipo munthu amene waphunzira kulasa ndi ya sipiling'i savutika ndi mfuti ina iliyonse.

Ikuwomba ndi phokoso lalikulu, utsi n'kumatuluka. Kodi ndiye kuti ili ndi mphamvu?

Ayi, ikudziwononga. Mpweya ukapanikizidwa mwadzidzidzi umatentha kwambiri, ndipo mafuta amene ali kutsogolo kwa pisitoni amayaka monga zimachitikira mu injini ya dizilo. Kuyaka kochepa kwambiri kumachitika mu mfuti zambiri za sipiling'i. Gerald Cardew ndi mwana wake Mike, ku England, anaonetsa zimenezi powomba ndi mfuti imene munalibe mpweya wothandiza moto kuyaka, ndipo liwiro linatsika. Koma kuphulika kokhala ndi utsi ndi fungo kumawotcha washala, kumabweza pisitoni mwamphamvu mpaka kuthyola sipiling'i, ndipo chipolopolo chimapita kumene chafuna.

Choyambitsa chake pafupifupi nthawi zonse ndi munthu wothira mafuta pa kabowo ka mpweya kaja. Mafuta a makina osokera, a galimoto, opopera dzimbiri, ophikira, onsewo asalowe mu silinda. Mfuti ya washala wachikopa, monga zambiri zopangidwa isanafike m'ma 1970, imafuna kadontho kamodzi kapena tiwiri ta mafuta ofewetsera chikopa, mwa apo ndi apo. Ya washala wapulasitiki sifuna kanthu kutsogoloko. Mafuta a silicone ena amawagwiritsa ntchito pa washala, koma asapite pamene chitsulo chikukhulana ndi chitsulo, chifukwa sateteza ndipo zitsulozo zimadyana.

Nanga kukonza mfuti kuti iziwomba bwino kumatanthauza kuchita chiyani?

Cholinga chake ndi chimodzi: kuti iziwomba mofewa ndiponso mofanana ulendo uliwonse. Mfuti yochokera ku fakitale kapena yokhalitsa imalira kuti thwang'a, chifukwa sipiling'i imanjenjemera pa kachitsulo kamene imavalapo. Mmisiri amachotsa girisi yense wakale wouma, amasalaza m'mbali mwa mipata ya silinda kuti musadule washala watsopano, amasalazanso nsonga ziwiri za sipiling'i kuti izizungulira momasuka. Kenako amaika chovalira sipiling'i chothina bwino, kawirikawiri cha pulasitiki yolimba yotchedwa Delrin, ndi kena kakafupi m'kati mwa pisitoni. Amapaka girisi wakuda wa moly mopyapyala kumbuyo kwa washala ndi kumchira kwa pisitoni, ndi girisi wokhuthala pang'ono pa sipiling'i. Ikatha ntchitoyi mfuti imangoti thu, basi. Ku England ntchito imeneyi inatchuka m'zaka za m'ma 1980 ndi amisiri a Venom Arms, amene ankakonza ma HW80 ndi HW77, ndipo mfuti zimene anagwirapo amisiri amenewo lero anthu amazilimbirana.

Kodi ndingaitsegule ndekha?

Mungathe, koma dziwani kuti sipiling'i imakhala yopanikizika ndithu ngakhale mfuti isanatcheredwe. Mukachotsa chotsekera chakumbuyo mosasamala, chimafwamphuka ndi mphamvu yotha kuthyola dzino kapena kuboola diso. Pangani kaye chopanikizira: thabwa lolimba, chotsekereza kumutu, ndi sikuluwu yaikulu kumapeto yomasulira pang'onopang'ono. Valani magalasi oteteza maso. Jambulani ndi foni sitepe iliyonse. Thiriga isiyeni: itsukeni, ipakeni girisi pang'ono, koma musaipale. Mukamaliza kumanga, tcherani mfuti mutailozetsa kosaopsa, ikani chipolopolo, n'kumenya thabwa ndi chikhatho kuti muone ngati thiriga ikugwiradi.

Ndikaika sipiling'i yamphamvu kuposa yake, sindipindula?

Apa ndi pamene mfuti zabwino zambiri zafera. Mphamvu ya mfuti ya mtundu umenewu imadalira kwambiri kuchuluka kwa mpweya umene silinda imatenga, osati sipiling'i yokha. Silinda ya Diana 27 ndi yaing'ono. Mukaikamo sipiling'i yaikulu, pisitoni imakamenya kumapeto mwankhanza, mfuti imavuta kutchera, zolumikizira zimatha msanga, thabwa limang'aluka, ndipo liwiro limangokwera pang'ono, pena limatsika kumene. Kulunjika kumathawa. Ndimamva chisoni kuona Airsporter imene inakhala bwino kwa zaka zambirimbiri itawonongedwa ndi munthu wofuna kuboola chitini chokhuthala.

Ngati mukufuna kudziwa mphamvu ya mfuti yanu, musayese ndi matabwa kapena zitini. Gwiritsani ntchito kachipangizo koyeza liwiro kotchedwa chronograph. Kawerengedwe kake n'kotere: kulemera kwa chipolopolo m'ma grain (muyezo waung'ono wa kulemera), kuchulukitsa ndi liwiro m'mafiti pa sekondi, kuchulukitsanso ndi liwiro lomwelo, n'kugawa ndi 450240. Chipolopolo cha ma grain 14.3 chothamanga mafiti 600 pa sekondi chimapereka 11.4 ft lb (ft lb ndi muyezo wa mphamvu ya mfuti). Koma nambala yofunika kwambiri pa kachipangizoko ndi kusiyana kwa liwiro pa zipolopolo khumi zotsatizana. Kukakhala kochepa, mfutiyo ili bwino.

Yachita dzimbiri ndipo thabwa lakalikakalika. Ndiikonze ioneke yatsopano?

Zimadalira mfutiyo. Meteor wamba mutha kuipala, kuipaka utoto, kuichita zimene mukufuna. Koma BSA ya nkhondo yachiwiri isanayambe kapena Webley Mark II Service, musaiyandikire ndi sandipepa. Ma BSA ambiri a pakati pa nkhondo ziwiri za dziko lonse zolemba zake za pa silinda n'zosazama konse, ndipo kupala kamodzi kokha kumazifafaniza kotheratu, mtengo wa mfutiyo n'kugwa. Dzimbiri lapamwamba limachoka ndi ubweya wachitsulo wofewa kwambiri, wa nambala 0000, woviika m'mafuta, mukupukuta mopepuka. Thabwa lipukuteni, mulidyetse mafuta a linseed pang'onopang'ono ndi chikhatho. Mukasintha sipiling'i kapena washala, zakalezo zisungeni m'kathumba, zidzapite limodzi ndi mfutiyo kwa mwini wake wotsatira.

Pakati pa .177 ndi .22 ndisankhe iti, ndipo zipolopolo zabwino ndi ziti?

Ya .177, imene ndi mamilimita 4.5, imathamanga kwambiri ndipo njira yake siikhota msanga, choncho ndi yabwino pa chandamale. Ya .22, mamilimita 5.5, imagwa msanga ndipo imafuna kuti muzidziwa bwino mtunda, koma pa mfuti ya sipiling'i imawomba mofewa kuposa inzake. Mipope yakale ya BSA ndi Webley ya .22 ndi yotakata pang'ono, pafupifupi mamilimita 5.6, motero zipolopolo zina zamakono zimakhwepa. Gulani mitundu ingapo ya makampani ngati JSB, H&N ndi RWS, yesani uliwonse pa mtunda umodzi, mfuti isankhe yokha. Zamutu wozungulira ndi zimene zimalasa bwino patali. Zosongoka zimaoneka zoopsa koma kawirikawiri zimamwaza. Pewani zopepuka kwambiri, chifukwa sizipatsa pisitoni mpweya woti igwerepo. Pa chifukwa chomwecho musawombe mfuti yopanda chipolopolo. Ndipo poti ndi mtovu, musamaike zipolopolo m'kamwa, sambani m'manja mukatha.

Sikopu yanga yafa kale kawiri. Chikuchitika n'chiyani?

Mfuti ya onga imakankhira m'mbuyo mokha, pamene iyi imakankha mbali zonse ziwiri, ndipo magalasi a sikopu yosapangidwira zimenezi amagwedera. Gulani yolembedwa kuti ndi ya mfuti za sipiling'i, ndi chomangira chokhala ndi kamsomali kolowa m'bowo la pa silinda kuti isamatsetserekere m'mbuyo. Mfuti zina zothyola, makamaka ma Diana, mipope yake imaloza pansi pang'ono, moti sikopu imatha malire osafika pa chandamale. Pali zomangira zopendekeka zothetsera zimenezo. Mfuti yakale imene ilibe mizere yomangirapo sikopu musaiboole. Iwombereni ndi zolozetsera zake.

Malamulo amati chiyani?

Amasiyana dziko ndi dziko. Ku England ndi ku Wales mfuti yaitali ya mpweya yosapitirira 12 ft lb, pafupifupi ma joule 16, sifuna chiphaso, koma ikangopitirira ndi mlandu waukulu kukhala nayo popanda chiphaso cha mfuti, ngakhale mutanena kuti simunadziwe. Okhala kumeneko akasintha sipiling'i ayeze liwiro ndi mitundu ingapo ya zipolopolo. Ku Scotland, kuyambira kumapeto kwa 2016, mfuti ya mpweya imafuna chiphaso ngakhale ikhale yofooka. Ku Germany malire ndi ma joule 7.5, ndipo mfuti zosapitirira pamenepo amazidinda chilembo F m'kabokosi ka ngodya zisanu. Mukaona chidindo chimenechi pa mfuti yanu mudziwe kuti inatuluka ndi sipiling'i yofewa. Kulikonse kumene muli, kaya ku Lilongwe, Chipata, Tete kapena Harare, kafunseni ku polisi musanagule, ndipo makamaka musanaike mfuti m'katundu wodutsa pa chipata cha dziko.

Ndingawombere kuti, ndipo masewera ake ndi otani?

Pakhomo pamafunika chotchinga chodalirika kuseri kwa chandamale: khoma la njerwa lokhala ndi bokosi lodzaza nsanza kapena mchenga kutsogolo kwake. Thabwa lolimba lokha limabweza chipolopolo, ndipo mpanda waudzu suimitsa kanthu. Poika chipolopolo mu yothyola, dzanja limodzi ligwirebe mpope. Thiriga itamasuka mpope uli wotsegula, umabwerera mwamphamvu, kuphwanya chala ndi kudzipinda wokha.

Masewera akale kwambiri ndi a belu a m'malo omwera mowa a ku Birmingham ndi madera ozungulira, kumene amawomba ataima pa mtunda wa mayadi 6 kapena 7, ndipo chipolopolo chikalowa pa kabowo kapakati belu limalira. Ma BSA oyambirira aja anatchukira kumeneko. Mpikisano wina ndi wa mamita 10, umene unalowa mu Olympics mu 1984. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ku England kunayamba Field Target, kumene amawomba tinyama tachitsulo togwa tikalasidwa pakati, ndipo mpaka lero pali gulu lapadera la mfuti za sipiling'i. South Africa ili ndi owomba amphamvu pa masewera amenewa. Ponena za makoswe a m'nkhokwe, muwombe pokhapokha pa mtunda umene mumalasa chandamale chaching'ono ngati ndalama yachitsulo ulendo uliwonse. Mbalame zakutchire zisiyeni.

Ndiisunge bwanji, makamaka nyengo ya mvula?

Musaisiye yotchera. Kutchera kwa mphindi zingapo si kanthu, koma kwa masiku kumafooketsa sipiling'i. Mukatha kuigwira pukutani zitsulo ndi kansalu ka mafuta pang'ono, chifukwa thukuta la zala limasiya dzimbiri pa tsiku limodzi kunja kukakhala chinyontho. Musaisunge m'chikwama chake chansalu kapena chasiponji, pakuti chimasunga chinyezi. Iimikeni m'kabati yokhoma, mwaika timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'makatoni a nsapato, ndipo muziitulutsa kamodzi pa mwezi kuti muione ndi kuwomba nayo zipolopolo zingapo, washala wachikopa asaume. Zipolopolo zikhale pena, kiyi wa kabati akhale pamene ana sangafikire.